Alonda a Chakudya a Coeliac UK

Mu 1968 Elizabeth Segall ndi Peter Benenson, yemwe uja anayambitsa Amnesty International, anakhazikitsa ku Britain bungwe lomwe lero limatchedwa Coeliac UK. Limasamalira anthu odwala matenda a coeliac, omwe matumbo awo amawonongeka akadya gluten, chinthu chopezeka mu tirigu, balele ndi rye. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse ali nawo, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Mankhwala palibe. Munthu amangofunika kusala zakudyazo moyo wake wonse.

Chomwe ndimagoma nacho ndi ntchito yawo yosatchuka, yofufuza zakudya chimodzichimodzi. Tirigu ndi kabisalira woopsa: amapezeka mu soseji, mu supu wa m'paketi, ngakhale mu zokometsera ndiwo. Mayi wa mwana wodwala akaima m'sitolo, paketi ili m'manja, akaona kachizindikiro ka ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, mtima umakhala m'malo. Kachizindikiroko kamaikidwa pa chakudya chomwe gluten wake sapyola magawo 20 pa miliyoni, chitayezedwa kaye.

Makampani amalipira bungweli kuti akagwiritse ntchito, ndipo apa pali nzeru: wogulitsa ndiye akulipirira chitetezo cha wogula. Ndalama zina zimachokera kwa mamembala, kwa akufuna kwabwino, komanso ku chuma chomwe ena amasiyira bungweli pomwalira. Gawo lina limapita ku kafukufuku.

Chimanga, chinangwa ndi mpunga zilibe gluten, choncho wokonda nsima apumeko. Koma buledi ndi mandasi, ngati dokotala wakupezani ndi matendawa, musayerekeze.