Mendulo ya Msilikali Wamba pa Msika

Ku London kuli anthu amene amasonkhanitsa mendulo zakale za nkhondo, nazigula mopikisana mitengo. Pakati pa mendulozo pamapezeka za asilikali wamba a King's African Rifles, makolo athu amene anamenya nkhondo ku Karonga mu 1914 ndi ku Burma mu 1944.

Tisafulumire kuwadzudzula osonkhanitsawa. Iwo amasamala chimene ife tinachiiwala pansi pa bokosi, nafufuza mbiri ya mwini wake, pakuti mendulo za nkhondo yoyamba zinalembedwa dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete. Koma Nyenyezi ya Burma inaperekedwa yopanda dzina. Ikachoka m'banja, palibenso angadziwe chifuwa chimene inakhalapo.

Apa ndipo pagona nkhawa yathu. Eklezia amaletsa kugulitsa zotsala za anthu oyera (lamulo 1190). Msilikaliyo sitikumuyesa woyera, komabe mendulo yake ndi mboni ya magazi. Banja loigulitsa chifukwa cha njala sitiliweruza. Tsono ife, poyendera akhristu m'midzi, tipemphe kuona mendulozo, tilembe maina a eni ake, tikawatchule pa Misa ya pa 2 Novembala.