Kusamba m'manja: phunziro la ku Queens kwa azaumoyo a ku Mwanza

M'chaka cha 2013, magazini ya Malawi Medical Journal inasindikiza kafukufuku amene Kalata, Kamange ndi Muula anachita pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Iwo anapeza kuti pa nthawi 100 zilizonse zimene madokotala ndi ophunzira udokotala ankayenera kuyeretsa m'manja, ankatero pafupifupi ka 23 kokha.

Ubwino wa kafukufukuyu ndi woti ofufuzawo sanadalire mayankho a pakamwa okha, koma anaonerera ntchito ikugwiridwa m'mawodi. Munthu akafunsidwa ngati amasamba m'manja, kawirikawiri amayankha zimene anaphunzira m'kalasi, osati zimene amachita odwala akachuluka.

Komabe kafukufukuyu ali ndi malire awiri amene azaumoyo a m'boma la Mwanza ayenera kuwadziwa.

Choyamba, anaona madokotala ndi ophunzira okha. Pachipatala cha boma monga cha Mwanza, komanso pazipatala zing'onozing'ono monga Thambani ndi Kunenekude, manja amene amakhudza wodwala kwambiri ndi a anamwino, azamba, othandizira pawodi ndi achibale odikirira matenda. Chiwerengero chosawerengera anthu amenewa chimasiya kunja njira yaikulu imene tizilombo timadutsira.

Chachiwiri, zifukwa zimene zinatchulidwa, monga kuiwala ndi kusowa kwa mankhwala opaka m'manja, sizofanana kulemera kwake. Kuiwala ndi vuto la munthu, pamene kusowa kwa zipangizo ndi vuto la kayendetsedwe ka chipatala. Namwino amene mpopi uli kutali ndi bedi la wodwala "amaiwala" kangapo kuposa mnzake amene ali ndi botolo la sanitayiza m'thumba. Kuziphatikiza kumachititsa kuti yankho likhale maphunziro ena, pomwe chofunika ndi sopo ndi madzi.

Bungwe la WHO limatchula nthawi zisanu zoyeretsa m'manja: musanakhudze wodwala, musanagwire ntchito yofuna ukhondo monga kutsuka bala, mutakhudza magazi kapena zotuluka m'thupi, mutakhudza wodwala, ndiponso mutakhudza malo omuzungulira. Kupaka mankhwala kumatenga masekondi 20 mpaka 30, kusamba ndi sopo masekondi 40 mpaka 60. Magolovesi salowa m'malo mwa zimenezi.

Mwanza ndi boma la m'malire, ndipo msewu wa ku Tete umadutsa anthu ambiri tsiku lililonse. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, inaonetsa msanga wake wa matenda oyenda ndi manja akuda.

Choncho komiti yopewa matenda pachipatala isangobwereza chiwerengero cha ku Blantyre. Iyambe yawerenga mipopi yotuluka madzi, ndowa ndi sopo pawodi iliyonse, kenako ionerere ogwira ntchito a magulu onse, usana ndi usiku womwe.