Mlandu wa Kumvera Mfumu Yakunja

Olamula akafuna kukweza mpingo wina ndi kutsitsa unzake, kaŵirikaŵiri amatchula chifukwa chimodzi: akuti mpingo wakutiwakuti umamvera mfumu yakunja, choncho anthu ake sangayesedwe nzika zokhulupirika. Tiyeni tichiyese chifukwachi ngati chili ndi maziko.

Ansembe a White Fathers atafika kwa Mponda mu 1889 mothandizidwa ndi Apwitikizi, anayesedwa maso a Portugal. Mu 1960, Chester Katsonga atayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, nyuzipepala ya Malawi News inadzudzula Arkiepiskopi Theunissen, ponena kuti Vatican ikufuna kulamula dziko lino. Mu 1992, Aepiskopi atatulutsa kalata yao ya Lenti, boma linaitcha youkira, ndipo linapirikitsa Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu.

Koma ife a ku Mchinji, amene tinayandikana ndi Zambia ndi Mozambique, tiyenera kuyang'ananso tsidya lina la malire. Ku Mozambique, pangano la Portugal ndi Vatican la mu 1940, pamodzi ndi lamulo la mu 1941, linapereka sukulu za anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Kumeneko okayikiridwa kuti ndi anthu a akunja anali Aprotestanti, ndipo Eklezia analandira mwai umene anzake anamanidwa.

Tsono taonani: Mcheŵa mmodzi yemweyo, wa mfunda wa Phiri kapena Banda, wopemphera pemphero lomwelo, kuno anali wokayikitsa, uko wokondedwa. Chikhulupiriro chake sichinasinthe. Chinasintha ndi mwini mpando. Motero mlanduwu sutiphunzitsa kanthu za mpingo, koma za mantha a wolamula. Kuwonjezera apo, boma lingaweruze zochita za munthu, koma za mumtima silingaziwone. Kulanga munthu chifukwa cha kusakhulupirika kongomuganizira ndiko kugamula mlandu usanapalamulidwe. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican unaphunzitsa mu 1965 kuti boma lisasankhe nzika zake potsata chipembedzo, ndipo chiphunzitsochi chimamanga Akatolika poyamba.

Mu 1992 Akatolika, Apresibeteriya, Aanglikani ndi Asilamu anakhala pamodzi mu Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalaŵi anavotera ndale za zipani zambiri. Iwo anazindikira zimene makolo ananena kale: chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.