Paki ya Boma ndi Dziko la Mfumu

Kuno ku Railways, mu Kabwe, tiripo ambiri amene makolo athu anacokera ku Chipata ndi ku Petauke kudzagwira nchito ya njanji, ndipo pokamba za cigwa ca Luangwa tingoti "ku gemu," ngati kuti malo onse a nyama ali amodzimodzi. Liu limeneli libisa zinthu ziwiri zosiyana, zimene munthu wotsiriza sukulu ayenera kuzilekanitsa. Njobvu siidziwa malire ai. Kusiyana konse kuli pa anthu.

Kale Boma la Azungu linali kupatula malo ochedwa Game Reserve, m'mene uzimba unaletsedwa, ndipo mbali za cigwa ca Luangwa zinapatulidwa cotero mu 1938. National Park inadza pambuyo ndi lamulo lolimba koposa: Kafue mu 1950, South Luangwa mu 1972. M'paki munthu samanga mudzi, salima, sachera msampha. Alowa ngati mlendo, atalipira pa cipata, kukaona ndi maso cabe. Lamulo limeneli n'lowawa, koma n'lomveka, pakuti silinyenga munthu.

Pa nyengo yomweyo maiko ozinga mapaki anayamba kuchedwa Game Management Area, monga Lupande kum'mawa kwa South Luangwa, Mumbwa pambali pa Kafue, ndi Luano amene ali kum'mawa kwa Kabwe wathu yemwe. Kumeneko nthaka iri m'manja mwa mafumu, anthu akhala m'midzi mwao nalima minda yao, koma nyama ziri za Boma. Wozipha ayenera kugula ciphaso, ndipo ziphaso za mkango ndi kambuku zigwera makamaka alenje olemera ocokera kunja kwa dziko.

Apa ndipo pagona mlandu wanga. Mkunda wa ku Lupande acezera usiku pa msasa, kuomba zitini, cifukwa njobvu itandala m'paki usana ndi kudzadya cimanga cace usiku. Akaiwombera wopanda ciphaso, amangidwa. Ikatsiriza munda, lamulo silimbwezera ngakhale dengu limodzi. Anamsiyira mudzi wace, indedi, koma anamsenzetsa katundu wa kusunga cuma cimene sicace. Ife a m'tauni tiribe manyazi pa nkhaniyi: timnena kuti mbala, pamene nyama youma ikafika m'komboni tigula osafunsa kumene yacokera.

Njira ina inaonekapo. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lace likhale la nyama. Anamangapo msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo analipira zinalowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Mfumu inapereka nthaka mwaufulu, ndipo anthu ace anaona ndi maso ao cimene nyama yamoyo ibala. Ine ndiyesa kuti imeneyi ndiyo Game Reserve yoyenera dzina lace. Koma mu 1972 Nsefu anaphatikizidwa ku South Luangwa, nasanduka paki ya Boma.

Sindinena kuti opanga malamulo anaiwala anthu a m'midzi. Lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe a m'midzi ochedwa Community Resources Board, kuti alandire gawo la ndalama za uzimba, nalembe anyamata ao nchito yolondera nyama. Pa pepala nzeru imeneyi njokoma. Cobvuta ncakuti ndalamazo ziyamba zapita ku Lusaka zisanabwerere ku cigwa, ndipo madandaulo a kucedwa kwace amveka kawirikawiri. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Ena adzati ciri bwino kutseka malo onse akhale mapaki, pakuti lamulo lolimba ndilo lisunga nyama. Ayambe akumbuka cipembere. Zipembere zinali zambirimbiri m'cigwa ca Luangwa, ndipo zinatha ndi mfuti za ofuna nyanga m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, m'kati mwa mapaki momwemo, alonda ali owerengeka, anthu a m'midzi yoyandikana alibe cifukwa cowathandizira. Mu 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda catha m'Zambia monse, ndipo zimene ziri ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pa ndege kucokera ku South Africa mu 2003.