Foni Yalowa M'madrasa, Nanga Kumvetsa?

Madzulo ena ndikudutsa pa mzikiti wina ku Karonga, ndidamva ana akulakatula Qur'an pakhonde. Mwalimu adali atagwira foni yam'manja. M'fonimo munkatuluka mawu a shehe wa ku Arabia, anawo n'kumabwereza pambuyo pake. Katchulidwe kadali kosalala ndithu. Koma nditafunsa mnyamata wina tanthauzo la zomwe ankanenazo, adangomwetulira n'kuzolika.

Mwanayo sindikumuda. Kunyumba amayankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, kusukulu Chingerezi ndi Chichewa, kumadrasa Chiarabu, ndipo maulaliki ena a pa WhatsApp amamufika m'Chiswahili kuchokera kutsidya kwa Songwe. Dandaulo langa lili pa ife amene tikuwomba m'manja kuti maphunziro a Chisilamu atukuka chifukwa choti mwalowa intaneti. Chasintha n'chipangizo, koma kaphunzitsidwe n'kakale komwe kaja.

Nkhaniyi si yachilendo. Muhammad Abduh, yemwe adakhala Mufti wa ku Egypt kuyambira 1899 mpaka imfa yake mu 1905, adalimbana ndi kaphunzitsidwe ka pa Al-Azhar kongoloweza mabuku popanda kufunsa. Iye ankaphunzitsa kuti nzeru za munthu sizitsutsana ndi chikhulupiriro. Maganizo amenewa adafika ku Mombasa, komwe Sheikh al-Amin Mazrui ankalemba nyuzipepala ya Al-Islah m'zaka za m'ma 1930, akulimbikitsa Asilamu kuphunzira za chipembedzo ndi za dziko pamodzi, atsikana omwe. Ankalemba ndi m'Chiswahili momwe, kuti wamba amve. Mu 1969 wophunzira wake, Sheikh Abdallah Saleh Farsy, adatulutsa Qur'an yomasuliridwa m'Chiswahili.

Ifenso tili nayo yathu. Qur'an yomwe Sheikh Khalid Ibrahim adamasulira m'Chichewa ikupezeka pa intaneti, ndipo monga wokonda chinenerochi ndimaitamanda. Chichewa chake n'chosadzitukumula. Komabe mawu ngati Swala ndi Zakaat adawasiya m'Chiarabu. Sindikuti adalakwa, pakuti "pemphero" ndi "chopereka" sasenza katundu yense wa mawuwo. Kungoti bukulo likufunabe munthu wokhala nalo pansi n'kulimasulira kachiwiri, mwina m'Chinkhonde. Ntchito imeneyo foni siingaithe.

Abduh nayenso sindimumeza yense. Ankayankhula ali ku Cairo, pakati pa mabuku ndi akatswiri, pomwe mwalimu wa kuno ali ndi mphasa ndi maola ochepa ana akaweruka kusukulu. Koma kulola mwana kufunsa sikulira ndalama.

Ndipo ku Karonga mafunso alipo olemera. M'kalasi la mbiri mwanayu adzamva za Mlozi, Mswahili wogula ndi kugulitsa akapolo yemwe adamanga linga ku Mpata, n'kunyongedwa ndi Harry Johnston mu 1895. Anzake adzatembenuka kumuyang'ana iye. Shehe wa m'foni uja za Mpata sazidziwa. Madzulo ake mwanayo adzapita nalo funsolo pakhonde paja, ngati mwalimu adzamulole kukweza dzanja.