"Mwandionera pati?": kusanthula nthano ya Akafula

Agogo athu amene anapita ku Zimbabwe kukathyola tiyi m'chigwa cha Honde, kufupi ndi kwa Mandeya, komanso m'minda ya Tanganda ku Chipinge, ananyamula nthano zakwawo. Imodzi mwa izo inakapeza mbale wake ali kale komweko. Ife timanena za Akafula kapena Abatwa, amene timawatchanso Amwandionerapati. Anthu olankhula Chishona ali ndi nkhani yomweyo, ndipo anthu aafupi amene anawapeza m'dzikomo amawatcha Mandionerepi. Nthanoyi ndi yaifupi ndipo ambiri timaikamba kuti ana aseke, koma mkati mwake muli mlandu umene sunaweruzidwe.

Imayenda chonchi. Mlenje ali m'thengo, ndipo mwadzidzidzi pamaso pake paima munthu wamfupi, uta uli m'manja, muvi wopaka ulembe uli pachingwe. Munthuyo afunsa kuti, "Mwandionera pati?" Mlenje akayankha kuti wamuonera pomwepo, muvi umamulasa. Akaloza phiri lakutali n'kunena kuti anayamba kumuona ali kumeneko, Kafula amakondwa, amavina podziona kuti ndi wamkulu, kenako amalowa m'tchire osaonekanso.

Choyamba kuyang'ana ndi amene akufunsa. Kwathu mlendo safunsa mafunso pakhomo la eni ake. Amaodira, amakhala pansi, ndipo mwini mudzi ndiye amamufunsa kumene achokera ndi chimene adzera. M'nthanoyi wofunsa ndi Kafula, woyankha ndi mlenje. Ngakhale nthano sinena poyera, yawaika awiriwa m'malo awo enieni: wamfupiyo ndi mwini thengo, ndipo ife amene tikuikamba ndife obwera. Onaninso kuti safunsa mwachipongwe. Akunena kuti "mwandionera", mawu aulemu opita kwa munthu wamkulu, ngakhale uta uli wokoka.

Chachiwiri ndi funso lenilenilo. Ofotokoza nthano amati Kafula ankachita manyazi ndi msinkhu wake, n'chifukwa chake ankafuna kumva kuti amaoneka patali. Kumasulira kumeneku n'kumene kumabweretsa chiseko, koma sikukwanira kufotokoza muvi. Munthu sapha mnzake chifukwa chongomuuza kuti ndi wamfupi. Yankho lakuti "pompano" lili ndi mawu ena mkati mwake: ndadutsa m'nkhalango yanu, ndamwa pachitsime chanu, ndaponda njira zanu, ndipo sindinadziwe kuti muli anthu. Limeneli ndi yankho la munthu amene waona dziko ngati lopanda mwini, ndipo mawa adzabwera ndi nkhwangwa ndi khasu. Yankho lakuti "ndili kutali" ndi kuvomera kuti ndinadziwa za inu ndisanalowe. Kafula akufuna kudziwa ngati mlendoyo akumuwerengera.

Apa ndi pamene nthanoyi imandipweteka. Imaphunzitsa mwana kuti yankho lopulumutsa ndi bodza. Mlenje sanamuone Kafula patali, wangonena kuti asafe, ndipo omvera timamuyamikira kuti ndi wochenjera pamene tikuseka wonamizidwayo akuvina. Ulemu umene eni dziko anapempha tinawapatsa pakamwa pokha. Nthano ikusunga zonse ziwiri, pempho lawo ndi chinyengo chathu.

Chachitatu ndi zimene nthano yasiya. Kafula alibe dzina, alibe mkazi, alibe mwana, alibe mudzi. Amalankhula Chichewa, kapena Chishona akakhala tsidya lija, chifukwa chilankhulo chake sitinachisunge. Pomaliza amangozimirira. Ena amati anathawira m'mapiri, ena amati mizimu yawo ili pamwamba pa Mulanje. Palibe maliro, palibe manda, palibe wolira. Mathero oterewa amapepukitsa mtima wa otsala, pakuti munthu amene wangosowa sasiya ngongole.

Owerenga mabuku a J.R.R. Tolkien adziwa mathero ofanana ndi amenewa. Mu The Lord of the Rings, buku limene linatuluka mu 1954 ndi 1955, mtundu wakale wotchedwa Elves umakwera zombo n'kupita kumadzulo, dziko n'kutsalira anthu. Koma Tolkien anaupangira mtunduwo zilankhulo ziwiri zazikulu, Quenya ndi Sindarin, anaumangira mizinda ngati Gondolin, ndipo The Silmarillion, imene inasindikizidwa mu 1977, imalondola mafumu awo, nkhondo zawo ndi chisoni chawo. Anthu ongopeka ali ndi mbiri yodzaza mabuku, pamene anthu enieni amene anayenda m'mapiri athu tinawasiyira chiganizo chimodzi.

Kuti anali enieni, nthaka ikuchitira umboni. Wofufuza zakale J. Desmond Clark anafukula mafupa a alenje akale pa phiri la Hora ku Mzimba mu 1950, ndipo mu 1972 anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere ku Dedza. Mu 2017 akatswiri ofufuza za chibadwa anayeza mafupa ochokera ku Hora, Fingira ndi Chencherere, ena a zaka pafupifupi 8,100, ndipo anapeza kuti magazi a anthuwo pafupifupi sapezeka mwa Amalawi a lero. Kusowa kumene nthano imakutchula mwachidule kunali kutha kwa mtundu wonse.

Zimene anasiya zikuonekabe. Dera la Chongoni, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula. Zoyera ndi za Achewa, za chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo zili m'mapanga omwewo. Mbiri ya pakamwa imanenanso kuti ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri, ya ku kachisi wa mvula wa ku Msinja, inatengedwa kwa Akafula. Makolo athu ankawaseka anthuwa madzulo pamoto, koma pofuna mvula ankadalira ng'oma yawo. Ku Manicaland, ku Zimbabwe, nakonso zojambula za pa Diana's Vow pafupi ndi Rusape zikusonyeza luso la alenje amene Ashona anawapatsa dzina lija.

Ana a Amalawi obadwira m'makomboni a tiyi ku Honde ndi ku Chipinge angamve funsoli mozama kuposa ambiri a ife. Iwo si eni nthaka oyamba, koma akudziwa kuwawa kokhala pamalo zaka zambiri osawerengedwa. Kusintha kwa lamulo la unzika la Zimbabwe mu 2001 kunasiya ambiri opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 anavomera kuti amene anali atabadwira kale mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhala m'dzikomo, ndi nzika. Amene analawa zimenezi sangamve pempho la Kafula ngati nthabwala.

Nthanoyi isaleke kukambidwa, pakuti ndi malo okhawo pamene mawu a Akafula akumvekabe. Koma makolo ndi aphunzitsi, mukafika pamene wamfupiyo akuvina, musathere pa chiseko. Auzeni ana kuti wofunsayo anali mwini dziko, kuti anali ndi ana ake ngati iwo, ndipo kuti mlenje anamunamiza. Amene mungathe, apititseni ku Chongoni akaone zojambula zofiira, ndipo muwaletse kulembapo maina awo ndi makala.