Mkango wa Solomon Linda ndi Malipenga a ku Chintheche

Aliyense amene adaonererapo malipenga m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Chintheche akudziŵa kuti gule ameneyu ngwobwereka. Amuna ovala makabudula ndi masokosi ofika m'maondo amafola mizere monga asilikali pa perete. Ali ndi mfumu yao ndi akuluakulu a maudindo, ndipo gulu lonse amalitcha boma. Malipenga enieniwo ndi zikho zoboola, zomatidwa ndi nembanemba ya kangaude. Maguba ndi mavalidwe ameneŵa Atonga adatengera kwa asilikali pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, naŵasandutsa aoao, kotero kuti lero palibe anganene kuti ndi gule wachilendo. Tayamba ndi malipenga kuti tigwirizane chinthu chimodzi: kubwereka nyimbo si mlandu. Mlandu uli pena, ndipo tiuona bwino m'mbiri ya nyimbo ina yobadwira ku Joni, mzinda umene amuna ambiri a ku Chintheche ankapitako kukagwira ntchito, ena osabwerakonso.

Nyimboyo ndi Mbube, mau a Chizulu otanthauza mkango. Mwini wake ndi Solomon Linda, Mzulu wa ku Natal, amene nayenso adapita ku Johannesburg kukafuna ntchito. M'chaka cha 1939 iye ndi gulu lake la Evening Birds adaijambula pa mbale ya galamafoni ku kampani ya Gallo. Kamangidwe kake nkapafupi: amuna a mau aakulu akubwereza chiganizo chimodzi monga misi yosinthana mumtondo, ndipo pamwamba pao Linda akuuluka yekha ndi liu lokwera. Chakumapeto kwa mbaleyo adapeka pomwepo kachigaŵo ka maimbidwe kamene dziko lonse likukadziŵa lero. Malipiro ake adali mashiling'i 10, ndipo umwini wa nyimboyo udapita ku kampani. Mbaleyo idagulidwa kwambiri, mpaka maimbidwe onse a makwaya a amuna a mtundu umenewo adatchedwa mbube.

Patapita zaka, mbale ina idafika ku Amerika m'manja mwa Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo za makolo, amene adaipereka kwa woimba Pete Seeger. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Seeger, posadziŵa Chizulu, adamva molakwa mau amene amuna aja ankabwereza, naŵalemba kuti Wimoweh, liu lopanda tanthauzo m'chilankhulo chilichonse. Gulu lake la The Weavers lidatchuka nayo nyimboyo m'chaka cha 1952. Tivomere kuti maimbidwe ao ali ndi mphamvu, ndipo Seeger ankaikondadi nyimboyo; pambuyo pake adayesa kutumiza ndalama kwa Linda. Komabe pa mbale yao padalembedwa dzina lopeka la Paul Campbell, pakuti ofalitsa adaitenga ngati nyimbo ya makolo yopanda mwini.

M'chaka cha 1961 anyamata a gulu la The Tokens adaijambulanso ndi mau a Chingerezi olembedwa ndi George Weiss, naitcha The Lion Sleeps Tonight, ndipo idakhala yoyamba pa mndandanda wa nyimbo zokondedwa ku Amerika. Pamenepa mpomwe nyimboyo idasinthiratu mtima. Ya Linda idali ya amuna ogwira ntchito, olimbitsana mitima kutali ndi kwao. Ya The Tokens ndi yotonthozera khanda, yonena za Afrika wa m'maloto, wa nkhalango ndi zilombo, m'mene anthu ake samveka. Kukoma ikukoma ndithu, koma chimene chikuikometsa ndi kachigaŵo kaja Linda adapeka yekha mu 1939. Mwa onse oibwereza m'zaka zimenezo, ife tikuona kuti Miriam Makeba, amene adaijambula mu 1960, ndiye adaichitira ulemu, popeza adaisiyira dzina lake ndi chilankhulo chake.

Linda adamwalira mu 1962 ali mmphaŵi, ndipo manda ake adakhala zaka 18 opanda chiliza. Nyimbo yake idaloŵa mu kanema wa The Lion King mu 1994. M'chaka cha 2000 mtolankhani Rian Malan adalemba nkhani yoŵerengera kuti idapindulira ena madola pafupifupi mamiliyoni 15. Mlandu udaloŵa m'bwalo mu 2004, ndipo mu 2006 kampani ya Abilene Music idavomera kulipira ana ake ndi kumzindikira Linda monga mmodzi wa opeka nyimboyo. Chilungamo chidafika, koma chidapeza mwini wake atagona zaka 44.

Tsono kusiyana kwake ndi malipenga nkotani? Atonga adabwereka kwa amphamvu, adabwereka poyera, ndipo palibe msilikali adagona ndi njala chifukwa cha zikho za ku Chintheche. Woonerera aliyense amaona kumene gule adachokera, pakuti maudindo ndi zovala zimanena zokha. Pa nkhani ya Mbube amphamvu ndiwo adatenga kwa wofooka, nafafaniza dzina lake, nabisala kuseri kwa mau akuti "nyimbo ya makolo".

Mau ameneŵa tiyenera kuŵaopa ifenso. Chiyambire Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, umene mu 1963 udatsegula khomo kuti maimbidwe a mitundu ya anthu aloŵe m'chipembedzo, makwaya athu akhala akutenga nyimbo za ku dambwe, za pamtondo ndi za asodzi, nkuziveka mau opatulika. Nzabwino zimenezi. Koma nkangati tidafunsa kuti adaiyambitsa ndani? Nyimbo siimera yokha ngati bowa. Pali mai wina amene adaiimba koyamba akusinja, pali msodzi wina amene adaipeka akukoka khoka. Amishoni a Livingstonia, amene adakhazikika ku Bandawe pafupi ndi Chintheche mu 1881, atafika pakati pa Angoni adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo pa maimbidwe a kwao, ndipo maina a opeka monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole akudziŵika mpaka lero.

Chotero wansembe kapena mseminale womva nyimbo yokoma m'mudzi afunse dzina la mwini wake ndi mudzi wake, alilembe pamwamba pa pepala la kwaya. Ngati mwini wake sakudziŵikanso, alembe mudzi ndi gule kumene yachokera. Ndipo tsiku limene kwaya idzaijambule ndi kuigulitsa, mai uja asadzaimve koyamba pa wailesi ya mnansi wake, iye alibe ndi ya mchere yomwe.